Manambala a Penti Yoyera

Pa Kaguvi, Lachiwiri m'mamawa,
Garikayi wakwawira pansi pa Pijo yanga.
Kunja kwatsala miyendo yokha,
nsapato imodzi yomanga ndi waya.
"Tailizaninso, mdala."
Ndiliza. Gogogo uja wabwera,
ngati mwini ngongole pachitseko.

Atuluka, apukuta manja pa thalauza.
"Si kilatchi yokha iyi. Fulayiwilo yatha,
masipuling'i ake atopa kumeza mkwiyo wa dizilo.
Nanga lamba wa taimingi munasintha liti?"

Ndiyang'ana kumwamba. Kuli mawaya ndi nkhunda.

Akuti lamba ali uku, fulayiwilo uko,
mutu ndi mchira wa injini,
koma akaizula yonse n'kuipachika pa tcheni
agwira zonse tsiku limodzi, mtengo wa manja umodzi.
Ndimuuza kuti kwathu mapanga awiri avumbwitsa.
Aseka. "Kuno kuvumbwa n'kulipira kawiri."

Lamba salira, akutero.
Fulayiwilo imadandaula miyezi, imakuchenjeza,
koma lamba amangoduka uli pa liwiro,
mwina kupitirira Mutoko, dzuwa lili paliwombo,
mavavu ndi mapisitoni n'kupsompsonana koyamba
ndi komaliza.

M'thumba muli madola a fizi ya Tadala,
opindidwa panayi, ena othimbirira
moti mnyamata wogulitsa masipeya
awayang'ana padzuwa limodzilimodzi.

Masana injini yalendewera ngati ng'ombe yosenda.
Garikayi avula chivundikiro cha lamba,
achipukuta ndi chala, andiitana.
Penti yoyera, manambala opendama:
298,000, ndi tsiku lake.
Seveni wa m'tsikulo ngwodula pakati,
momwe ankalembera achimwene anga a Lufeyo
pamakoma a nyumba ku Mufakose,
pa malisiti, pa envulopu zopita ku Dedza.

Anandisiyira makiyi, sanandiuze za lamba.
Kapena ananena, ine ndikumvera madokotala.

Lero wotchi ikuti 412,000.
Lamba wakale ali m'manja mwanga, wopepuka,
mano atatu ang'aluka m'tsinde.
Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akuzungulira
mumdima, kusunga nthawi ya munthu amene kulibe.

"Mangani zonse," ndikutero.
"Ndi pampu ya madzi yomwe."

Madzulo ailiza. Phee, kung'ung'uza chabe.
Garikayi aviika kamtengo m'penti
kuti alembe nambala yatsopano pamwamba pa yakale.
Ndimugwira dzanja.
"Lembani m'munsimo. Malo alipo."