Mulu Wachiwiri

Thumba la thandizo lafika ku Mchini:
nyemba, mchere, mafuta m'kabotolo.
Zonse zouma. Chobiriwira palibe.

Zelipa anazolowera kudikira dzuwa lipendeke,
repu wa ku Kapata afote,
mtengo nawo ufote.
Amatola tomato wophwanyika
n'kumati, ngwa msuzi basi.

Lero Lingililani wa kudimba ku Luangeni
wamangirira chikatoni panjinga:
"Wa khadi la thandizo,
gula mulu umodzi, wachiwiri ngwako."
Abungwe akuti adzamubwezera pakutha kwa mwezi.
Iye akungoti, tiona.

Zelipa wafika m'mamawa, koyamba,
masamba akadali ndi mame.

Pobwerera mwana waluma tomato panjira,
madzi atsetsereka mpaka pachigongono,
adontha pa yunifolomu.
Mayi wayang'ana,
watsegula pakamwa kuti akalipe,
koma wamupatsa wina.