Nsonga

Mayeso a Chingerezi ali Lachinayi,
ine ndili pa benchi ku Central, wodi ya amuna,
pamiyendo dikishonale yobwereka kwa a Kamphinda,
chikuto chake chogwirizika ndi selotepi.

Ndikuloweza mawu a zinthu zosongoka.
Azungu ali nawo ambiri, ngati ankachita kuweta:
lina la kunsonga kwa singano,
lina la denga la tchalitchi lolasa mitambo,
lina la mano a sowo,
lina la waya waminga wa pa mipanda ya ku Eriya 10.
Ife timangoti chosongoka, basi, nkhani yatha.

Chala changa chaima pa liwu limodzi,
zilembo zisanu ndi chimodzi.
Tanthauzo loyamba: chokhala ndi nsonga, monga phiri.
Lachiwiri lili m'munsi, m'tizilembo tamanyazi:
wooneka wodwala, wotuwa, wotha thupi.

Ndadzutsa maso.

Dalikeni, mlongo wanga,
iwe unkakwera mtunda wa Kawale pa kabaza
utanyamula mayi ndi thumba lake la makala
uku ukuimba mluzu,
masaya ako wawasiya kuti?
Mphuno yatsala yokha ngati phiri la Bunda
m'mawa wa mwezi wa Juni.
Chibwano chasongoka. Mapewa akubaya malaya.
Zigongono izi zitha kuboola matiresi a boma.

Anawauza ndani azunguwo?
Anakhala pa benchi iti, kudikira nesi uti,
kuti adziwe zoti matenda amasema munthu
monga mwana asongolera pensulo ndi lezala,
kupala, kupala,
mpaka kutsale kamtima kakuda kokha?

Watsokomola. Watsegula diso limodzi.
"Nasibeko, ukuwerenga chiyani?"
"Za mapiri," ndatero.
"Mapiri pa Chingerezi?" Waseka,
chifuwa nkumulanda kusekako pakati.
"Werenga, ukakhoze. Fizi ija ndinaipalasa ndi miyendo iyi."

Ndapinda ngodya ya tsambalo,
a Kamphinda andikhululukire.
Ndatsegula fulasiki, phala likadali lofunda.
Masipuni atatu walandira, lachinayi wakana.
Dzulo anali awiri.

Lachinayi akandifunsa liwuli
ndidzalemba tanthauzo loyamba lokha,
phiri, nsonga, mitambo.
Malikisi enawo atenge.
Lachiwirilo ndalisiya pa bedi nambala seveni,
likupuma pang'onopang'ono,
ndipo sindikufuna kuti lizolowere kukhala m'kamwa mwanga.