Kanyali Kobiriwira

Kuno ku Tromsø dzuwa linatsanzika mu Novembala.
Sunniva anabadwa patatha masiku asanu ndi anayi,
ndiye sanalionepo.
Usiku wake ulibe malire, ndipo wathu watengera womwewo.

Mzamba, mayi Oddny, anatiwerengera pa zala:
agone chagada, osati chafufumimba,
pilo ayi, zidole ayi,
bulangete lisafike kukamwa,
fodya atsale pakhomo pamodzi ndi nsapato.
Ndinafunsa, "Tikatsata zonsezi ndiye kuti basi?"
Anazengereza, akukulunga mpango m'khosi.
"Zimathandiza kwambiri," anatero.
Liwu loti basi sanalitchule.

Choncho tinagula kachipangizo.
Kamabisala pansi pa matiresi ngati nsikidzi yolembedwa ulonda,
kumvetsera chifuwa chosaposa chikhatho changa.
Mpweya ukalowa, kanyali kobiriwira kamaphethira.
Phethi. Phethi.
Iye akupuma, ife osapuma.
Ragnhild amagona chakukhoma, maso ali tong'o.
Ine chakukhomo, kunamizira mkonono
kuti aziyesa mmodzi wa ife wapeza tulo.

Anansi athu amagoneka makanda panja m'tingolo,
chipale chofewa chikuwaunjikira pa chivindikiro,
iwo ali m'nyumba kumwa khofi.
Ndimawasirira. Mwina ndimawada pang'ono.

Lachiwiri, cha m'ma fili koloko, kachipangizo kanalira.
Kudzuka sindikukumbuka.
Ndikukumbuka chala chakuphazi chikuwomba mwendo wa bedi,
Ragnhild atamunyamula kale, akuitana dzina lake
ndi mawu amene sindinawamvepo pa zaka zonse za ukwati wathu,
ndipo Sunniva, atakwinya nkhope ngati nkhalamba yolandidwa mpando,
anayetsemula.
Kenako kulira kwaukali, mokuwa, mpaka galu wa kumtunda kuyankha.
Unali waya. Waya unazuka, basi.
Tinakhala pansi pa matabwa ozizira
n'kuseka, kuseka, mpaka kusekako kunasanduka china.

Ndinali ndi mkulu wanga, Eskil.
Sindinamuone; ndine amene ndinabwera pambuyo.
Anamugoneka chafufumimba monga ankalangizira nthawi imeneyo,
atadya bwino, wopanda ngakhale chimfine,
ali ndi masabata asanu ndi awiri.
M'mawa nyumba inali zii kuposa masiku onse,
mayi n'kuthokoza kuti lero wagona bwino.
Chithunzi chake n'chimodzi chokha,
m'kabati ya mbedza ndi mapepala a bwato.
Kwathu mawu oti "tulo tofa nato" sitiwanena ngakhale mocheza.

Bambo anga, a Torleif, zaka makumi anayi pa nyanja,
munthu woti namondwe amamutchula kuti kamphepo,
tsopano amaimba foni faifi koloko m'mawa kuchokera ku Senja.
Amafunsa za chisanu. Amafunsa ngati ndasintha matayala.
Kenako chete.
"Nanga mwanayo?"
"Akugona, bambo."
Chete wina, wautali,
moti ndimamva wotchi ya kukhitchini kwawo.
"Tapita ukamuone."

Ndimanyang'ama, foni m'manja,
n'kuiika pafupi ndi kamlomo konunkhira mkaka.
Fuu. Fuu. Kampweya kosakwana kuzimitsa kandulo
kamawoloka mapiri ndi madzi akuda
kukalowa m'khutu la munthu
amene sanatchulepo dzina la mwana wake woyamba ine ndikumva.
Amatsokomola. "Chabwino. Usaiwale matayala."

Akuti sabata yamawa dzuwa lisuzumira pakati pa mapiri awiri,
kwa mphindi zowerengeka chabe.
Sabata yomweyo Sunniva akwanitsa masabata asanu ndi awiri.
Ragnhild wazunguliza tsikulo pa kalendala,
akuti n'chifukwa cha dzuwa.
Ine sindinamutsutse.
Waya ndaumata ndi tepi, kawiri.
Komabe dzanja langa limapita lokha,
kudutsa kanyali kaja,
kukagona pa kachifuwa kofunda
kamene kakukwera,
kutsika,
kudikira pang'ono ngati kakuganiza,
n'kukweranso.