Sikelo ya Lachitatu

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyeza za ena pa Lizulu:
kachewere wa ku Tsangano, kabichi, anyezi,
ndowa yodzaza mpaka kuphuka kaphiri pamwamba.
Lachitatu lija woyezedwa ndinali ine.

Vulani nsapato, mayi.
Ndinavula, ndi juzi lomwe, ndi kachikwama ka m'chiuno.
Muvi wa sikelo unathamanga ngati minibasi yoduka mabuleki
n'kukaima pa nainte-folo.
Ndinaseka. Nanzunga, namwino wobadwa dzana, sanaseke.

Mwana iwe sudziwa.
Thupi ili ndinachita kulimanga, njerwa ndi njerwa,
zaka zija kuonda kunali chigamulo,
mkazi akangotsika khosi
anzake pamsika ankasendeza mabenchi
n'kumanong'onezana kuti yam'peza ija ija.
Ndinaika amuna anga. Ndinaika alamu awiri.
Ndinadya chipisi cha pachiwaya, mang'ina,
tiyi wa masupuni anayi,
kuti dziko lione kuti ine ndatsala.
Ndipo linkaona. Linkati: a Firida thupi lawo n'la ndalama.

Magazi anga anakwera galimoto m'kabotolo,
anabwerako patatha masabata awiri atasanduka pepala.
Nanzunga analoza nambala ina ndi msonga ya bolopeni.
Iyi, akuti, imakwera m'thupi mukamanyeka.
Ndinagwira pachipumi: zii, ngati mwala wa m'mawa wa mu Juni.

Mumaudziwa uvuni wa makala? anandifunsa.
Pamwamba dothi, lawi osaoneka,
kautsi kokha kotulukira pamng'alu,
koma m'kati mitengo ikutha.

Mwezi unanditsanzika zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.
Ndinatentha nyanda zanga kuseri kwa bafa
ndikuti ngongole ya ukazi ndamaliza kubweza.
Lero ndikumva kuti chiberekero chikatseka okala,
mafuta a m'mimba amatenga geni ija
n'kumagulitsa katundu yemweyo khomo lakuseri,
ndipo kasitomala wake ndi mawere,
mawere omwewa, analera ana asanu
n'kugona pansi kuti apume.

Ndiye kuti ndili nayo?
Ayi, sindinatero.
Si nyumba iliyonse ya m'mbali mwa Livulezi imapita ndi madzi,
ndipo za pamtunda nazo zina zimagwa.
Ndangoti yanuyi yayandikira gombe.

Khansa. Liwulo sanalibise.
Ndinakumbuka azakhali anga a Jelita
amene anafunda bala lawo ndi zitenje ziwiri
kufikira fungo linawaulula m'tchalitchi.
Tinati anawaponda mfiti.
Tinadana ndi banja lina mpaka lero osapatsana moto.

Usiku, nyali ya foni ili pampando,
ndimakweza mkono ngati mwana wodziwa yankho,
zala zitatu zikuyenda mozungulira
monga ndimafufuzira mbatata yoola pansi pa thumba.
Sindinapeze kanthu.
Mwezi wamawa ndidzafunanso.

Tsopano wa kabaza akaimba belo ndimam'kupizira dzanja.
Ndimayenda wapansi, chifunga chili m'mawondo,
Malawi kudzanja ili, Mozambiki kudzanja ilo,
mpweya ukulira m'chifuwa ngati mvukuto.
Shuga ndafika pa supuni imodzi. Tiyi wake ngwamaliro.
Chiwaya chikamanunkhira ndimatukwana chamumtima,
ndipo Loweruka lapitali, ndisaname, ndinagonja.

Lamba wa chikwama wasuntha bowo limodzi.
Dzulo a Nankhoma, oyandikana nawo benchi,
anandiyang'ana khosi nthawi yaitali
n'kufunsa motsitsa mawu: Asisi, kwagwanji?

Yankho lake n'lalitali kuposa nthawi imene basi imaima.
Ndinangowagwira dzanja, n'kuti: Lachitatu tipitire limodzi.
Kenako ndinawerama,
n'kuyambanso kusanja kaphiri pamwamba pa ndowa.