Woyamba Kulowa

Ofesi yanga ili pamwamba pa shopu ya matayala ku Ginnery Corner,
masitepe khumi ndi anayi, lachitatu n'losweka.
Ntchito yanga ndi kupezera anthu ntchito,
ndipo zaka zisanu ndi ziwirizi zandiphunzitsa chinthu chimodzi:
bwana salemba munthu woyamba kumuona.

A Mpaweni a kampani ya zitsulo ku Makata anandiuza pamaso,
akuzunguza kiyi wa galimoto pa chala:
"Mayi, ngakhale tomato mumsika wa Limbe
sugula mulu woyamba. Umayamba wazungulira."
Ndinati, bwana, mtsikanayu ndamusefa pa anthu makumi anayi,
mabuku a sitolo amawadziwa ngati chikhatho chake.
Iwo anati, "Ndi wabwino, eya. Mubweretse ena awiri ndifananitse."
Anafananitsa mpaka mvula inagwa n'kukata,
mtsikana uja atalembedwa kale kutsidya kwa msewu,
iwo n'kumandiimbira usiku, kundikalipira
ngati ndawabera mbuzi m'khola.

Ndiye ndinachenjera.
Kuchenjera kwakeko n'kumene kukundisowetsa tulo.

Pali bambo ena, a Lifa Chikwekwe, a ku Ndirande kwa Goliyo.
Ndimawatumiza oyamba.
Jekete lawo lachapidwa mpaka kuyera m'zigongono,
satifiketi amasunga m'pepala la shuga kuopa chinyezi.
Amafika mlonda asanatsegule geti.
Amalowa, amayankha bwinobwino, amatuluka akuwerama,
bwana n'kunena zomwe ndikuzidziwa kale: tioneko wina.
Wachiwiri akamalowa chitseko chimakhala chitafewa,
cholembera chimatsika chokha papepala,
ine n'kulandira yanga kumapeto a mwezi.

Kakhumi ndi kamodzi tsopano.
Ku Chirimba, ku Maselema, mumsewu wa Haile Selassie kawiri.
Ndimawapatsa ya minibasi, amalandira ndi manja awiri,
amati, "Mayi, inu nokha ndiye simunditaya."
Sadziwa kuti iwo ndi mwala umene ndimaponya padziwe
kuti ndimve kuya kwake ndisanawolotse anthu anga.

Dzulo anabwera osaitanidwa.
Anakhala pampando wapulasitiki uja, chipewa pabondo,
nati mwana wawo wamkazi wasankhidwa kusekondale yogonera konko,
kukufunika matiresi, ndowa, nsapato zakuda.
Sanapemphe kanthu. Anangofunsa:
"Kodi ndimalakwitsa pati? Mundiuze, ndikonze.
Ndi Chingelezi changachi? Kapena imvizi?
Mkazi wanga akuti mwina ndimagwira dzanja la bwana mwamphamvu kwambiri."
Pansi ankakhoma tayala, nyundo ikulira gu, gu, gu,
ine ndikuyang'ana kalendala ya chaka chatha
ngati yankho lili pakati pa masiku ofiirawo.

Ndikanati chiyani?
Kuti simulakwitsa kanthu, bambo,
mumangolowa poyamba,
ndipo wokulowetsaniyo ndine?
Ndinawathirira tiyi. Anamwa theka, nathokoza kawiri,
potsika anadumpha sitepe losweka lija osayang'ana pansi,
analizolowera kuposa ine mwini ofesi.

Lolemba a Mpaweni akufunanso munthu wa kusitolo.
Uja anamusankha atazungulira msika wonse
wathawa ndi makatoni atatu a mabawuti.
Ndalemba mndandanda, ndafufuta, ndalembanso,
pepala lachita kubooka.
Dzina la a Chikwekwe ndaliika lachiwiri.

Koma pamwamba pake pali mzere wopanda dzina,
ndipo pabenchi panjapa pakhala anyamata asanu ndi mmodzi,
maenvulopu akhaki pamiyendo,
aliyense akundimwetulira ndikamadutsa.
Mmodzi wavala nsapato zobwereka, zikumukulira,
wayenda wapansi kuchokera ku Chilomoni, fumbi lafika m'mawondo.
Waimirira kale, akukonza kolala,
akufunsa ngati angalowe.