Bondo la Rigolo

Anabwera ku Nchalo kudzakonza mathirakitala,
osati kudzatiphunzitsa mpira.
Dzina lake lenileni linkatilumitsa lilime,
ndiye tinkangoti Rigolo,
iye n'kuvomera, khosi lili psuu ngati mkati mwa vwende.

Kwawo ku Belarusi, ankatero,
bwalo limayera mbee ndi madzi oundana,
mumayamba mwafosholo musanasewere.
Ife tinkaseka.
Kuno chogwa kumwamba ndi phulusa la nzimbe zowotcha,
lakuda, lodetsa malaya pachingwe.

Tsiku lina chikulunga chathu chinathawira ku galaja.
Anachiimitsa ndi chidendene, osayang'ana,
sipanala ili m'manja.
Zuze anagwira pakamwa.
Madzulo ake anapinda buluku n'kutionetsa bondo:
chipsera chachitali ngati bongololo.
Zaka khumi ndi ziwiri akutchinga kumbuyo,
kenaka Loweruka lina, jombo ya munthu wina,
basi.
Anaphunzitsako timu ya pafakitale kwawoko,
fakitale itatsekedwa timu inatha.

Sanali munthu wokoma pabwalo.
Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo,
iye: mpaka pamlambe, mubwerere, kawiri.
Chichewa chake chinkakwana m'dzanja limodzi:
patsa, dzuka, ona, iwe, ayi.
Ayi ndiye ankamudziwa bwino.

Alufandika ankachenga aliyense, ngakhale mthunzi wake womwe.
Anamukhazika panja masabata atatu
kuti aone mmene bwalo limakulira
ukachotsa maso pamapazi ako.

Tinapita ku Ngabu pa lole yonyamula thonje,
anatikwapula zinayi kwa duu.
Pobwerera sanatikalipire.
Anagula kanyenya wa mbuzi, aliyense zidutswa ziwiri,
n'kujambula ndi chala pafumbi la chitseko cha lole
malo amene ine ndinayenera kuima.
Chaka chotsatira ndinaima pomwepo.
Mpira unandipeza.

Ndiye Shire anadzuka usiku,
nanyamula mitengo ya golo pamodzi ndi mbuzi za eni ake.
Mwezi wathunthu pakati pa bwalo pankatera akakowa.
Madzi ataphwa, malungo anamugwetsa kachitatu,
kampani inati zakwana.
Pokwera galimoto anandipatsa kope lonyowa m'mphepete,
zilembo zake zokhala ngati zayang'ana kumbuyo.
Ndinamuona mpaka fumbi linatha.

Ine ndinakwera zitunda kupita ku Blantyre.
Zaka zinayi, jezi yochapiridwa,
dzina langa pa wailesi kawiri,
kamodzi analitchula molakwika.
Kenaka kakolo anati thyo, pamasewero opanda chikho chomwe,
ndipo ndinatsika zitunda zomwezo pa minibasi,
jombo zili m'jumbo, makutu akutseka ndi kutentha kwa kwathu.

Lero ndimapalasa kabaza m'mawa.
Ikamakwana folo ndimatsamiritsa njinga pamlambe uja,
atsikana khumi ndi asanu ndi atatu akundidikira,
mipira iwiri, wina wosoka ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Zelipa amachenga ngati Alufandika.
Dzulo ndinamva pakamwa panga pakutuluka ayi
wouma, wamfupi, wosakhala wa kuno.
Mwanayo anandiyang'ana
mmene ife tinkamuyang'anira mzungu uja.

Kope lija ndikadali nalo.
Mawu ake palibe wawerenga, ngakhale aphunzitsi a kusekondale,
koma timivi ndi timizere tozungulira ndimatimva:
uyu apite uku, uyu adikire, uyu atseke mpata.
Patsamba lomaliza pali kamtengo kamimba yaikulu
ndi tianthu khumi ndi mmodzi tikuthamangira komweko.
Kam'mbuyo kwambiri, kamiyendo yopyapyala,
ndimati ndine.

Sindikudziwa ngati ali moyo.
Mitambo ikamasonkhana kumapiri a Thyolo
kakolo wanga amayamba kuwawa mvula isanafike,
ndipo ndimaganiza za bondo lija
kudziko kumene madzi amauma gwa.

Zelipa wakhala panja sabata yachiwiri tsopano.
Sakundilankhula.
Koma lero ndamuona akuloza ndi chala
malo amene mnzake anayenera kuima.