Mkanjo wa Elube

Lero akuveka mkanjo wofiira, Elube,
ine ndili pa benchi lakumbuyo
ndi zikhadabo zakuda girisi wa ku Magaba.
Sopo wakana. Ndayesa kawiri.

Ukukumbukira chipinda chathu cha ku Mbare,
nsalu yotchinga pakati, anthu asanu ndi awiri?
Unkawerengera pamasitepe, pansi pa babu la m'khonde,
zidakwa n'kumakulumpha ngati mtolo wa nkhuni.

Pa chiphaso cha bambo panali liwu loti mlendo,
chonsecho mano anathera mumzinda uno
akusita malaya a eni ku Avondale.
Uli Giredi 6 unafunsa:
kodi mlendo amafika liti?
Bambo anaseka. Mayi anakutsina pantchafu.

Ya mayeso a Fomu 4 itasowa,
njinga yanga inapita ku Musika, sinabwerenso.
Sindikulonjerera ngongole ayi,
ndikungoti pa digiri yakoyo
pali sipoko imodzi yanga.

Ku Mount Pleasant unkabwerako ndi mabuku
olemera kuposa giyabokosi,
ndi mawu achilatini amene mayi ankati ndi a Misa.
Kenaka Rotten Row, woimira boma:
milandu ya mafoni, ya zibakera za Lachisanu,
nsapato imodzimodziyo zaka zitatu,
chidendene ndinakhomera ndine.
Anakuponya ku Gokwe ukakhale majisitireti,
unabwerako wakuda bii, wosalankhulalankhula.
Unati kumeneko unamanga munthu wofanana ndi bambo
chifukwa cha ng'ombe imodzi,
ndipo usiku umenewo sunadye.

Koma pali ina, ndinene.
Apolisi atandipeza ndi injini yopanda mapepala
ndinakuimbira ndili mbuu.
Unati: achimwene, pezani loya.
Basi. Foni thi.
Miyezi isanu ndi itatu sindinaponde pakhomo pako.
Ukwati wa Fatsileni tinakhala matebulo osiyana.
Loyayo, ndamva chaka chatha chomwechi,
unamulipira ndiwe, pogulitsa firiji.

Tsiku lomwe ankakufunsa mafunso pagulu
garaja yonse inaima, masipanala pansi,
tonse maso pa kafoni kosweka galasi.
Wina anati, mlongo wako sagwedera.
Ine ndinkaona chala chako chikukanda m'mphepete mwa tebulo
monga unkachitira pamasitepe paja.

Tsopano mlembi waitana dzina lathu, walipotoza,
Gwedeza wasanduka china chake.
Waima, wamukonza pang'onopang'ono,
chilembo ndi chilembo,
monga ankalitchulira bambo
asanapite ku Mbudzi osaona zimenezi.

Akuti tonse tiimirire.
Ine ndinakusambitsa, ndinakupukuta mamina,
ndine wamkulu ndi zaka zisanu ndi zinayi,
bondo lakumanzere limavuta kukazizira.
Ndaimirira, Elube.
Manja ndabisa kumbuyo.